Thabwa Lomwe Linatsala Kunja kwa Manda

Sendezani benchilo kuno, utsi wa chiwayawu ukulowera uko. Ndipo musandiyankhe kuti "tili tonse" ayi, chifukwa iyi si nthano. Anthu ake ndimawadziwa. Mmodzi ndinamuperekeza kumanda ndi miyendo yangayi, winayo mukhoza kukumana naye mawa lomweli mukalowera msewu wa ku Mitundu.

Ine ndine Dzoole, wa kaunjika. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikutsegula mabelo pamsika wa kwa Biwi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma manja angawa anapitiriza okha maphunziro. Ndikanyamula belo ndimadziwa ngati muli majekete kapena makatani waya asanadulidwe. Ndikagwira nsapato ndimakuuzani ngati mwini wake anali wonenepa. Za manjazi musaziiwale, tizifuna kutsogoloku.

Tsiku lina m'belo la nsapato munatuluka thabwa la matayala anayi, lija achinyamata amakwera n'kumadzigwetsa nalo mwadala pasimenti, amati siketibodi. Linali lakalekale, lotambalala ngati nsomba yowamba, kumchira kokha n'kopindikira m'mwamba. Kunsi kwake kunali chithunzi cha galu wovala chisoti chachifumu, malilime awiri, maso ali tong'o. Ndinaseka ndekha. Anthu akunja ndi odabwitsa. Kujambula chinthu mwaluso chotero, n'kuchiika kunsi koyang'ana fumbi!

Ndinaliponya pamulu wa zosagulika, pamodzi ndi nsapato zopanda zinzake. Linakhala pamenepo mpaka anadutsa Ezala.

Ezala anali wojambula zikwangwani. Mitu yonse ija mumaiona pamakoma a mababashopu kuchokera kwa Biwi mpaka ku Mchesi, ya anthu ometa bwino koma oyang'ana ngati awabera njinga, inali yake. Phewa lake lamanzere linali lotsika chifukwa chonyamulira makwerero zaka zambiri, ndipo kulikonse ankayenda ndi kachitini ka penti kudzanja. Anatola thabwalo, n'kulitembenuza, n'kuima. Anaima mpaka dzuwa linasuntha.

"Akulu, mukugula kapena mukufunsira mbeta?" ndinamufunsa.

"A Dzoole, taonani mmene chikasu chalowera m'chofiiramu. Munthu uyu ankadziwa kuti chithunzichi chidzakalika pamiyala, koma sanachite ulesi ngakhale pa dzino limodzi la galuyu."

Ndinatchula mtengo wokwera, uja timayambira kuti tizitsika bwino. Iye anangopisa m'thumba. Zinandiwawa kwambiri. Munthu wogula osanenerera amakulanda chakudya cha tsikulo.

Ezala anali ndi mnzake, Lemani, kalipentala wa mabokosi a maliro. Anakulira mudzi umodzi ku Mitundu, anavinidwa limodzi, anabwera m'tauni pa lole imodzi. Lemani anali munthu wa pensulo kukhutu. Ankasamba nayo, ankapita nayo kutchalitchi, ndipo akakupatsani moni maso ake ankayamba kumutu kutsikira kumapazi, moti unkadziwa kuti wakuyeza kale.

Awiriwa anapeza siketibodi ina yamakono yothyoka, n'kuicheka pakati kuti aone za m'kati. Anandiitana ngati kuti apeza golide. Kani si thabwa limodzi ayi. Ndi timatabwa tisanu ndi tiwiri, topyapyala ngati chikuto cha buku, tomatidwa ndi guluu. Tina mitsempha yake imayenda m'litali, tina mopingasa, kuti likamapindika lisathyoke. Lemani anaumba zikombole ziwiri za simenti, chapansi ndi chapamwamba, n'kugula jeke ya lole kwa okonza magalimoto. Ankapaka guluu, kusanja timatabwato, kufinya ndi jeke, n'kusiya masiku awiri. Oyamba asanu anasweka ngati bisiketi. Lachisanu ndi chimodzi linapirira.

Ntchito tinagawana motere: Lemani matabwa, Ezala zithunzi, ine pakamwa. Achinyamata a ku Area 18 ndi a m'makoleji anayamba kubwera. Ezala ankawajambulira fisi atakwera kabaza, nkhuku yovala magalasi, agogo akuuluka pa lichero. Pakona pa chithunzi chilichonse ankaikapo kanalimata kachikasu, ndiko kanali siginecha yake. Pakatha mwezi mwini thabwa ankabwera nalo litakalikakalika, fisi atatsala khutu lokha. Ine zinkandipweteka. Ezala ankasangalala.

"Chithunzi cha pathabwa chimafa ndi ntchito," ankatero. "Mukachiona chili chonse, mwini wake ndi wamantha."

Zinayenda zaka zitatu. Kenako Ezala anayamba kutsokomola. Zaka zonse zija akupuma penti ndi thina zinabwera kudzamufunsa.

Ataona kuti thupi likutha, anapita kumudzi n'kubwerako ndi chitseko. Chinali cha nyumba ya malemu amayi ake, cha mlombwa, nyumbayo itagwa ndi mvula. Anapempha Lemani kuti achekepo kathabwa kamodzi, akapale mpaka kapyapyale, kakhale kapakati pa tisanu ndi tiwiri tija. Lemani anapala masiku atatu akudandaula. Thabwalo litatuluka m'chikombole, m'mbali mwake munkaoneka mzere umodzi wofiira pakati pa yotuwa. Ndipo linkalemera kuposa anzake. Mlombwa si paini.

Anajambula milungu isanu, atakhala pamkeka, mkazi wake Nachisale akumugwirira chitini. Sanajambule fisi kapena galu. Anajambula msewu wafumbi wolowera kwawo: chulu kumanzere, mtengo wa mango wopendekeka, patsogolo mjigo. Pamsewupo panali munthu mmodzi, atatifulatira, phewa lamanzere lotsika, kachitini kudzanja, akupita.

Atamaliza anatiitana ine ndi Lemani.

"A Dzoole, chotsani maso a msikawo," anatero, akuseka movutikira. "Ili si la malonda. Ili ndipita nalo. Munthu wakhala m'tauni zaka makumi atatu, njira ya kwawo akhoza kuiiwala. Lemani, iwe udzalikulunga. A Dzoole, inu mudzalipereka kwa adzukulu ndi manja anu. Mwamva nonse?"

Tinavomera. Nachisale anali pomwepo, anamva.

Anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha. Bokosi anakhoma Lemani yemweyo, labwino ndithu, sindinganame. Kumanda ku Mitundu, nyimbo zili m'kati, Lemani anandipatsira thabwalo litakulungidwa m'chitenje cha Nachisale, lomangidwa ndi linya mfundo zitatu.

Ndinalilandira, ndipo manja anga anayankhula nthawi yomweyo. Lapepuka. Osati kwambiri. Mwina ngati kulemera kwa nsapato imodzi ya mwana.

Tsono inu mukanatani? Akuluakulu a mpingo ali apo, akuchimuna ali apo, akuchikazi ali apo, azimayi akulira. Ndani amamasula mfundo pamanda n'kumasuzumira katundu wa malemu ngati akusankha kaunjika? Akanati Dzoole wafuna aone ngati n'chogulitsika. Ndinadziuza kuti ndi chisoni, chisoni chimasokoneza manja.

Nachisale anandiyandikira, maso atatupa. "Ndi lomwelo, alamu?"

"Ndi lomwelo, alamu," ndinatero.

Ndinalipereka kwa adzukulu, analigoneka pambali pa bokosi, dothi linatsika.

Bizinesi ya matabwa inathera pomwepo. Lemani anati popanda Ezala mtima wake sukufunanso, abwerera ku mabokosi. Ndinamumvera chisoni. Ndinamugulira ngakhale chipisi tsiku limenelo, ine Dzoole, ndi ndalama yanga.

Mvula inabwera, inapita. Zachilendo zinayamba mwezi wa Juni.

Benchi langa lili m'kanjira kafumbi, kamiyala ndi maenje. Wilibala imadutsamo mokakamiza. Koma tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinamva matayala ang'onoang'ono akugudubuzika, phokoso losalala lija amachita pasimenti yabwino. Linachokera kumtunda, n'kumayandikira, n'kudzaima patsogolo pa nsapato zanga. Ndinadzutsa mutu. Munalibe munthu m'kanjiramo, nkhuku yokha, nayonso itaima ndi mwendo umodzi ikuyang'ana pamene ndinkayang'ana ine.

Mayi Nasiwelo, ogulitsa tomato pafupi nane, anasiya kuwaza madzi pa tomato wawo.

"Ndi ana amenewo," anatero.

"Ana ake ati, mayi?"

Anasuntha beseni lawo kulowera uko.

Mawa lake chimodzimodzi, nthawi yomweyo. Mkuja wake chimodzimodzi. Linkafika, kuima, kudikira pang'ono ngati kasitomala amene akufuna umuone kaye, kenako n'kupitirira kulowera kumunsi, kumene kuli mashopu a akalipentala.

Panali chitini cha maburashi a Ezala chimene Nachisale anandipatsa kuti ndimugulitsire. Analimo khumi ndi awiri, ouma gwa, palibe ankawafuna. Ndinkatsekera chitinicho m'bokosi langa lachitsulo, kiyi m'thumba. M'mawa wina ndinapeza khumi ndi limodzi. Ndinati ndinawerenga molakwa, ngakhale ine sindilakwitsa kuwerenga katundu. Patapita masiku awiri analipo khumi. Ndipo otsalawo sanalinso ouma. Nsonga zake zinali zofewa, zonyowa, zikununkha thina ngati munthu wangowatsuka kumene.

Kenako ndinapita ku Chilinde tsiku lina kukaona belo. Pobwera Mayi Nasiwelo anandikodola.

"Kunabwera munthu, amafuna inu."

"Wogula?"

"Sanagwire nsapato. Anangofunsa kuti, kodi a Dzoole manja awo akadali bwinobwino?"

"Munthu wake wooneka bwanji?"

Anaganiza nthawi yaitali, tomato ali m'manja.

"Mukudziwa, a Dzoole," anatero pang'onopang'ono, "nthawi yonse ija amayankhula nane atandifulatira. Ndipo ine sindinadabwe. Ndikudabwa panopa."

Tsiku limenelo anaweruka msanga. Sabata yotsatira anasamutsira tomato wawo kuseri kwa chigayo, kumene kulibe makasitomala.

Munthuyo ndinamuonapo ndekha kamodzi, m'mawa dzuwa litangotuluka, ndikupita kokwerera minibasi. Anali patsogolo panga, mtunda ngati kuchokera pano kufika pa mpope uja. Sindinena zambiri. Phewa ndinaliona, chimene chinali kudzanja ndinachiona. Ndinafulumira, mtunda sunachepe. Ndinachepetsa, mtunda sunakule. Pa mphambano anakhotera kwa akalipentala. Ine ndinakhotera kwina, ndipo ndinakwera minibasi yolakwika mpaka ku Likuni.

Chimene chinamasula zonse ndi Mwatitha. Ameneyu anali kasitomala wathu wakale, namwino wophunzira, mtsikana wamtali wokhala ndi zipsera m'mawondo monse. Anatumizidwa ku Blantyre kukagwira ntchito miyezi ingapo, ndipo atabwerako anafika pabenchi langa thabwa lili kukhwapa, nkhope itakwinyika.

"Madala, mwayamba kutigulitsa zinthu zabodza?"

"Ine sindinagulitse thabwa chaka chino, mwanawe."

"Ku Blantyre akuti achokera kuno kwa Biwi. Ndagula mwezi watha. Pachithunzi apa panali munthu, wanyamula kachitini. Ndinagula thabwali chifukwa cha iyeyo. Ndadzuka tsiku lina palibe. Anzanga khumi anagula, onse munthuyo wachoka."

Analitembenuza.

Chulu kumanzere. Mango wopendekeka. Mjigo patsogolo. Msewu wopanda munthu.

Ndinakhala pansi pa mulu wa nsapato. Chithunzi chimenecho tinachiona anthu anayi okha padziko, ndipo mmodzi anali m'manda.

"Mwina chinamatuka," ndinatero.

"Chikamatuka pamatsala bala, madala. Tagwirani. Msewu uli wonse, ndi timiyala tomwe."

Ndinayendetsa chala. Panali posalala ngati mbale, popanda mizere ya burashi. Sichinali chojambula ndi dzanja, chinali chosindikiza, zija za masiku ano amadinda papepala la pulasitiki n'kumata ndi moto. Ndinayang'ana m'mbali: mizere isanu ndi iwiri, yonse yotuwa. Ndinayang'ana pakona, pamene pankakhala kanalimata kachikasu. Panali zilembo zakuda: LEMANI.

Ndinasiya benchi losatseka, koyamba m'moyo wanga.

Shopu ya Lemani inali yotseka masana, koma mwini wake anali m'kati. Ndinamupeza atakhala pa bokosi losapaka vanishi, ataonda, pensulo ili kukhutu. Pakona panali mpukutu wa mapepala osindikiza aja, ndi simbi ya makala imene ankamatira. Misewu makumi angapo, yonse yopanda munthu.

Sanakane. Anthu ena amakulemekeza ndi bodza, iyeyu ngakhale limenelo sanandipatse.

"Ndinalijambula pafoni, msuweni wanga wa ku Joni anandisindikizira," anatero. "M'chitenje muja munali thabwa loyera, losajambula. Tsono mumafuna chiyani, a Dzoole? Chinthu chokongola chotere chikadyedwe ndi chiswe? Ezala wafa wosadziwika. Ine ndamutchukitsa Blantyre yonse."

"Wamutchukitsa dzina lake lili pati? Nalimata uja wasanduka Lemani liti?"

Anayang'ana pansi.

"Munavinidwa limodzi, iwe. Chitseko cha amayi ake unapala ndiwe."

"Masiku atatu!" anakuwa. "Masiku atatu ndikupala, matuza m'manja. Zaka zitatu ndikufinya jeke. Anthu akabwera ankati, thabwa la Ezala, thabwa la Ezala. Amakwera penti kapena amakwera thabwa?"

"Lenilenilo lili kuti?"

Analoza ndi mlomo kuseri, kumene kunali mabokosi oonetsa makasitomala. "Kukubwera munthu wa ku Joni kumapeto a mwezi. Amasonkhanitsa matabwa ojambula ndi manja, amapachika pakhoma. Ndikugawirani."

"Loweruka lino akumanga chiliza cha Ezala. Akathira simenti ndiye kuti basi. Bweretsa, ndikaliike."

Apa ndi pamene anandiyang'ana, kuyambira kumutu kutsikira kumapazi, monga mwa chizolowezi chake.

"Mukakanena mukanena chiyani? Analinyamula ndani? Anauza Nachisale kuti ndi lomwelo ndani? Ine ndimakudziwani, a Dzoole. Ndinadziwa kuti manja anuwo adzamva kupepuka. Ndinadziwanso kuti pamaso pa anthu simudzamasula. Inu mumaopa kusekedwa kuposa kuba."

Anthuni, ndanamizidwapo ndi amwenye, ndi a ku Tanzania, ndi akwathu omwe. Ndagulapo belo lolembedwa kuti majekete n'kupeza masokosi a mwendo umodzi. Zonsezo ndinkaseka, ndi masewera a msika. Koma uyu sanandinamize ine. Anandiyeza monga amayezera maliro, n'kundikhomera bokosi londikwana ndendende, ine n'kulowamo ndekha.

Ndisanayankhe, kuseri kuja kunamveka matayala. Ankagudubuzika m'kati mwa bokosi limodzi lotseka, kuchoka kumutu kupita kumiyendo, n'kugunda, n'kubwerera.

"Unaliika matayala?" ndinanong'ona.

"Lilibe matayala," anatero Lemani, osatembenuka. "Zimatero tsiku lililonse dzuwa likafika pakati. Zimasiya zokha." Anapukuta thukuta. "Kumapeto a mwezi si kutali."

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinanyengerera, ndinaopseza, ndinachita ngati ndikuchoka kuti andiitane. Ine amene ndinagulitsapo jekete la chisanu mwezi wa Novembala, ndinalephera. Munthuyo anali ndi mantha mpaka m'mafupa, koma dyera linali litakhala pamwamba pa manthawo.

Ndinatsala ndi njira imodzi, imene ndinkaizemba. Ndinapita kwa Nachisale.

Ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde, akukonzekera za chiliza. Ndinakana mpando, ndinakhala pansi. Ndinanena zonse, osachotsera, ngakhale za kulemera kwa nsapato ya mwana. Ndinkayembekezera kulira kapena kutukwanidwa. Iye anangopitiriza kusankha nyemba, zabwino uku, zofumbwa uku.

"Miyezi isanu ndi inayi," anatero kenako, "mwamuna wanga sanabwere kumaloto ngakhale kamodzi. Amayi ake anabwera kawiri, akungoyang'ana kumsewu. Ine ndinkati mwina wandikwiyira, mwina sindinamusamale bwino pa matenda paja. Ndakhala ndikudzifunsa usana ndi usiku kuti ndinalakwa chiyani." Anaika lichero pansi. "Kani sanafike."

"Alamu, ndikhululukireni."

"Ndinakufunsani, alamu. Sindinafunse Lemani, ndinafunsa inu."

Ndinati ndipita ndi anyamata tikathyole chitseko cha shopu.

"Ayi," anatero. "Mwini wake akudziwa kumene lili. Inu mungobwera Loweruka."

Loweruka m'mawa, kukuzizira, nditsegula chitseko kuti ndinyamuke. Lemani ali chiimire pakhomo panga, wopanda nsapato, mapazi ali mbuu ngati wayenda mtunda wautali. M'manja muli chinthu chokulunga m'nsalu yoyera ija amayalira m'mabokosi, chomanga mfundo zitatu.

"Tengani," anatero.

"Wasintha maganizo?"

Sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana kumsewu, kumbuyo kwa phewa langa, ngati mwana amene akuopa kusiyidwa.

"Tengani msanga, a Dzoole. Akundidikira."

Ndinalandira. Iye anatembenuka n'kuyamba kuyenda, osathamanga, osachedwa, mayendedwe a munthu amene akutsatira mnzake. Ndinamuitana kawiri. Sanacheuke.

Manja anga anati: ili ndi lomwelo. Kenako anawonjezera kuti: koma lalemerako pang'ono.

Ku Mitundu ndinapeza amisiri atasakaniza kale simenti, njerwa zitazungulira manda. Anthu analipo ambiri kuposa tsiku la maliro, paja pachiliza pamakhala nyama. Akuluakulu a mpingo omwe aja, akuchimuna omwe aja. Ndinapita kwa Nachisale ndi katunduyo.

"Ndi lomwelo, alamu?" anafunsa, mokweza kuti onse amve.

"Sindikudziwa, alamu," ndinatero. "Timasule."

Panamveka kung'ung'udza. Mkulu wina anati, "Aa, pamanda?" Wina kumbuyo anati wa kaunjika ndi wa kaunjika basi. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kumasula mfundo zitatuzo ndi mano, anthu onse akuona.

Mzere wofiira unalipo, pakati pa yotuwa. Kanalimata kachikasu kanali pakona pake. Ndinalitembenuza bwino kuti dzuwa liwalepo.

Chulu, mango, mjigo. Munthu wa kachitini uja analipo, koma sanali pamene Ezala anamusiya. Poyamba anali pafupi ndi chulu. Tsopano anali atadutsa mango, watsala pang'ono kufika pamjigo. Ndipo kumbuyo kwake, mapazi angapo, kunali wina. Wamng'ono, wowerama, wopanda nsapato, nayenso atatifulatira. Pakhutu pake panali kamzere kamodzi kachikasu, kopyapyala ngati udzu.

Sindikudziwa chimene chinandituma. Ndinakhudza kamzereko ndi chala chachikulu. Penti inali yaiwisi.

Nachisale anayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Anayendetsa maso kuchokera pamjigo, kudutsa anthu awiriwo, kubwerera mpaka kumunsi kwa thabwa, kumene msewu unali wopanda kanthu. Kenako anandiyang'ana ine.

"Msewu wake ndi wautali, alamu," anatero. "Malo akadalipo."

Analitenga yekha, osalikulunganso, n'kuligoneka pamanda chithunzi chikuyang'ana pansi, monga amakhalira matabwa amenewa. Amisiri anathira simenti. Palibe anaimba nyimbo mpaka inaphimba lonse.

Patapita sabata Nachisale ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha kudzera kwa Mwatitha: "Wafika dzulo." Kuchokera tsiku limenelo sanandiyankhulenso, ndipo sindimudandaula. Matayala aja sanamvekenso m'kanjira kathu. Mayi Nasiwelo anabweza tomato wawo. Maburashi anatsala asanu ndi anayi, anaumanso gwa, ndipo sindigulitsa.

Lemani sanafe ayi. Abale ake anamutengera kuchipatala, anamutengera kwa abusa, anamutengera kwina kumene sitikutchula. Akamutsekera m'nyumba amakhala phee, osavuta. Akangotsegula chitseko, ulendo. Madalaivala a ku Mitundu amamudziwa onse. Amayenda m'mbali mwa msewu, pensulo kukhutu, maso patsogolo pang'ono, ndipo nthawi zina amaima n'kudikira, ngati wapatsogoloyo waima kuti asinthe dzanja. Koma pamjigo safika. Amati akayandikira mango uja, mawa lake umamupezanso ali pachulu.

Chala ndi ichi, yandikirani kumoto muone. Ndayesa sopo, ndayesa palafini, ndayesa thina. Kadontho kachikasu kameneka chaka chino n'chachinayi.

Ndiye mukamva anthu akuseka kuti Dzoole amamasula chilichonse, ngakhale phukusi la mandasi limene wamupatsa mlongo wake, asiyeni aseke. Ndipo ku Mitundu ndimapitabe, chaka chilichonse, kukalambula pachiliza. Koma sindiponda msewu umene uja ndi phazi langa. Ndimakwera minibasi pa depoti, ndimatsikira pamanda penipeni, ndipo kondakitala akatchula mtengo, ine Dzoole, amene ndimanenerera ngakhale mchere, ndimangopisa m'thumba.